Maliro Amene Adakana Matope

Padangotero. Amene muli nane vomerani kuti tili tonse, chifukwa nthano yopanda ovomera imagwera m'njira.

Kumtunda kwa mtsinje wina, kumene madzi amathamanga ngati aba kanthu, kudali kachule kakakazi dzina lake Namatanthwe. Kankakhala pamiyala ya pakati pa madzi ndi mayi ake okalamba, komanso tiana take timene tidali tisanamere miyendo. Mukadawaona anthu amenewa mukadakanda mutu. Msana udali wa zotupatupa ngati wa achule a kumunda, miyendo yaitali ndi yowonda ngati ya achule a kudambo, koma msinkhu wochepa ngati wa Finye, kachule ka kuuna. Tiana tawo sitinkasambira m'zithaphwi ngati ambululu ena. Tinkayamwa mwala ndi pakamwa n'kumatirira pomwepo, madzi akutidutsa pamsana.

Mayiwo ali moyo palibe adafunsapo kuti iwo ndi a mtundu wanji. Akadafunsiranji? Mvula ikagwa kumtunda, iwowo ndiwo ankayamba kumva madzi akubwera, ndipo ankakuwa ndi mawu awo osongoka mpaka onse a kumunsi atakokera ana awo pouma. Munthu wokudzutsa madzi akamabwera sumufunsa mfunda, umangoti zikomo, ndipo ena ngakhale zikomoyo ankaiwala.

Tsiku lina m'mawa mayi aja adaitana mwana wawo.

"Mwanawe, ine ulendo wakwana. Usakandiike pa zii. Makutu angawa adazolowera phokoso la madzi."

Atanena zimenezi adatsinzina, osadzukanso.

Woyamba kumva kulira adali Nkhanu, mayi wamasiye wokhala kunsi kwa mwala woyandikana nawo. Nkhanu ameneyu adali wapakamwa, ndipo nzeru zake zinkayenda monga mwini wake, cham'mbali. Adafunditsa mtembo masamba, nagwira Namatanthwe dzanja kupita naye kwa mfumu kukanena maliro.

Mfumu ya mtsinjewo idali Ng'azi, nkhalamba yofatsa imene inkaweruza milandu ikuwothera dzuwa, diso limodzi lili chitsekere.

"Zikomo, Gogo Chalo," adatero Nkhanu akuwomba m'manja. "Kwathu kwagwa zovuta. Mayi a Namatanthwe atisiya."

"Ogo! Amene ankatikuwira madzi akamabwera aja? Pepa, mwana wanga. Nanga mwini mbumba ali kuti?"

"Tilibe, Gogo," adayankha Namatanthwe. "Tidali tokha."

"Pamenepo ndiye pavuta. Manda sapempha mwana, amapempha mwini mbumba. Mwambo umenewu sindidauike ndine, ndidaupeza."

"Nanga akapanda kupezeka?" adafunsa Namatanthwe.

"Ndiye kuti malemuwo adali mlendo. Mlendo sitimuika m'dothi lathu, timakamtula kumathiriro, kudziko la a Kakowa, madzi aakulu akamtenge. Ndipo iwe umtsate, pakuti kwanu n'kumene kuli manda a amako. Kunjaku kwatentha. Pofika madzulo nkhaniyi ikhale itatha."

Namatanthwe adaganiza za tiana take tomatirira pamwala, timene sakadatha kutinyamula. Koma Nkhanu atamva dzina la a Kakowa, mbalame zazitali zimene chule zimangommeza osatafuna, maso ake adaima njo.

Eni mbumba a achule pamtsinjewo adalipo atatu: Chiterere wa kudambo, Njerewere wa kumunda ndi Finye wa kuuna. Tsono muyenera kudziwa kuti idali nyengo ya ngumbi. Aliyense adali atayanika zake, madengu tho. Ndipo mwambo umati wovomera maliro ndiye adyetsa olira onse, pamene adzukulu, anthu osakhala achibale amene amagwira ntchito ya maliro, amatola chilichonse chimene maso awo akonda m'nyumba ya eni maliro. Mukadziwa zimenezi simudabwa ndi zimene zidatsatira.

Adayambira kwa Chiterere. Atafika pakhomo, Namatanthwe adagwada nayamba nyimbo ya maliro. Nyimboyo inkafunsa mayi ake kuti adabadwira m'nyumba ya yani, popeza msana ukuloza kwina ndipo miyendo ikuloza kwina. Pothera pake inkabwereza pempho limodzi, loti wodziwa atuluke ntchentche zisanafike. Nkhanu ankavomera ndi mawu ake osasa, ophonya paliponse, koma ankavomera ndithu.

Chiterere adatuluka akunyezimira ngati wadzola nsatsi.

"Ndani akulirira pakhomo panga?"

"Ndine, malume. Mayi amwalira. Onani miyendo yangayi, kodi si ya kwanu?"

"Malume? Tatembenuka."

Adamsisita pamsana ndi chala chimodzi, nachipukuta pa udzu.

"Izi n'chiyani? Kwathu kuno ngakhale mwana wa mphere sakhala chonchi. Pita kwa Njerewere, kumeneko ndiko amalima zoterezi."

"Ndiye mukuti si magazi anu, achimwene?" adafunsa Nkhanu.

"Ngakhale dontho."

"Zikomo kwambiri, mwatithandiza. Koma mubwere kusiwa mudzanene zomwezi pamaso pa mfumu, angadzakusenzetseni maliro a eni mawa."

"Ndibwera, ndipo ndinena mokweza," adatero Chiterere.

Adapita kumunda. Njerewere adam'peza atakhalira dengu la ngumbi, masaya ali tutumu. Namatanthwe adagwadanso nayimba nyimbo ija, kufunsa za msana ndi miyendo, kupempha wodziwa kuti atuluke. Koma Njerewere ankatafuna, ndipo munthu wotafuna ngumbi zouma samva kanthu koma nsagwada zake.

"Mukuti bwanji?"

"Malume, mayi amwalira. Onani msana wangawu, kodi si wa kwanu?"

"Msana aliyense ali nawo. Tatambasula mwendo."

Namatanthwe adatambasula.

"Kodi umenewu ndi mwendo kapena udzu wofolerera? Nanga ana ako amakulira kuti?"

"Pamwala, m'madzi othamanga."

"Athu amakulira m'chithaphwi, ali bii, ngati ana a anthu. Pita kwa Finye, mwina n'kufanana naye kuchepako."

"Ndiye si magazi anu, bambo?" adafunsa Nkhanu.

"Ndati ayi."

"Zikomo, zikomo kwambiri. Mudzanene zomwezi kusiwa, kuti ngumbi zanuzi zigone mwamtendere."

Njerewere adakhazikika bwino padengu lake, nalonjeza kuti afika.

Ali m'njira Namatanthwe adalephera kupirira.

"Mayi, kodi mukuthokoza chiyani? Anthu akundikana, inu muli zikomo, zikomo. Kodi muli mbali yanga kapena yawo?"

"Iwe lira, wolira samugwira pakamwa. Kuthokozaku undisiyire ine."

Kwa Finye nyimbo ija idamveka yotopa, mawu atayamba kutha. Finye adatuluka kuuna chafutambuyo, dothi lili kumaso, namvetsera mpaka pothera. Pa atatuwo yekhayu ndiye adamvetsera.

"Pepa, mlongo. Mayi ako ndimawadziwa, adandipulumutsa madzi atalowa kuuna kwanga. Tayesa kufufuma, mwina n'kukhala wathu."

Namatanthwe adakoka mpweya, adakokanso, mpaka maso adatong'oka, koma mimba idangokhala yomweyo.

"Ayi," adatero Finye mwachisoni. "Wa kwathu akakwiya amakhala ngati dzungu. Ndikadakonda kunama, koma mfumu ikati tafufuma, tonse tichita manyazi."

Nkhanu adamthokozanso, namuitanira kusiwa ngati anzake aja.

Dzuwa litapendeka onse adasonkhana pamwala pamene padagona mtembo. Ng'azi adafika nagona cham'mbali, diso limodzi lotseka. Eni mbumba aja adabwera ndi anthu awo, ndipo mmodzimmodzi adaimirira kukana. Chiterere adakana mokweza monga adalonjezera. Njerewere adakana akutokosa m'kamwa. Finye adakana atazolika. Namatanthwe adangogwira mwendo wa mayi ake, poona kuti zonse zatha.

Pamenepo Nkhanu adasendera pakati, cham'mbali, nawomba m'manja.

"Gogo Chalo, ine ndine mkazi wosadziwa miyambo, mundiphunzitse. Kodi mbale amanyamula mtembo wa mbale wake?"

"Sizichitika. Kumeneko n'kulaula."

"Amanyamula ndani?"

"Adzukulu, anthu osakhala magazi a malemu."

"Ine ndi manja angawa ndingang'ambe mtembo, inu ndinu mfumu. Kodi pano alipo ena amene alumbira kuti si magazi a malemu?"

Ng'azi adatsegula diso lachiwiri lija, chinthu chimene ana ambiri pamtsinjewo adali asanachionepo.

"Alipo. Ndawamva ndi makutu anga, atatu onse."

"Ndiye tathokoza, adzukulu tapeza ambiri. Konzekani, abale anga, ulendo wa kumathiriro ndi wautali. Mukafika mukapereke moni kwa a Kakowa, ndamva kuti chaka chino aswa kwambiri."

Achule onse adayang'anana. Kumathiriro kudapitako achule ambiri, koma wobwerako kudzasimba adali asanaoneke.

"Gogo," adatero Chiterere, mawu atachepa, "nanga mwini mbumba atapezeka?"

"Ndiye kuti palibe ulendo. Tiika konkuno."

Chiterere adalumpha ngati waponda moto.

"Apezeka! Anthuni, nkhaniyi tidaifulumirira. Mwana uyu ndi wa Njerewere, ngakhale wakhungu angakuuzeni pongomsisita."

"Bodza!" adakuwa Njerewere. "Miyendoyo ndi yako!"

"Miyendo imatalika ndi kukwera miyala. Iwe mwana, tatsegula pakamwa. Onani, mulibe dzino ngakhale limodzi. Ife a kudambo tili nato timano m'mwambamu. Njerewere, tatsegula pako tione."

Njerewere adatseka pakamwa kuti mwa, ndipo anthu adaseka ngakhale padali pamaliro.

"Nanga mazira umaikira bwanji?" adapitiriza Chiterere, amene m'mawa adanyansidwa pomkhudza mwanayo. "Mulu ngati ife, kapena chingwe?"

"Chingwe, ngati mkanda," adayankha Namatanthwe. "Ndimachikulunga kunsi kwa mwala."

"Mwamva? Ndani pano amaikira mkanda?"

Akazi a kwa Njerewere adayang'ana pansi. Koma Chiterere mantha a Kakowa adali atamgwira zedi, moti adafuna umboni wina. Adafinya Namatanthwe pakhosi, patuluka timadzi toyera, iye n'kunyambita. Zimene zidachitika pankhope pake sindingathe kuzifotokoza. Adalavula, adatsuka lilime m'madzi, adalavulanso.

"Kuwawa kumeneku," adatero misozi ili mbwe, "ndidakulawapo kamodzi, tsiku limene ndidalumana ndi Njerewere tili anyamata."

Onse adatembenukira kwa Njerewere kudikira kuti akanenso. Koma iye adali ataleka kutokosa m'kamwa. Adayenda pang'onopang'ono kufika pamtembo, navundukula tsamba la kumutu. Adayang'ana nthawi yaitali.

"Iwe mwana," adatero osacheuka, "tayimbanso nyimbo udayimba pakhomo panga ija."

Namatanthwe adayimba ndi timawu totsalira, za msana ndi miyendo, ndi za wodziwa kuti atuluke. Asanafike pothera, Njerewere adakhala pansi kuti khwithi.

"Mawuwo ndi ako, koma mayimbidwewo ndi a agogo anga. Ankayimba chonchi akakumbuka mng'ono wawo, amene adakangana naye chifukwa cha chithaphwi, n'kunyamuka kulowera kumtunda osabwereranso. Tinkati adadyedwa. Ndipo nkhope iyi ndi ya mayi anga, mphumi yomweyi." Adapukuta m'maso. "Chibale ndi fupa, sichiola. Ine ndakana mlongo wanga chifukwa cha ngumbi. Anyamata, thamangani mukatenge madengu onse, ndi limene ndimakhalira lija."

Ndipo adalira, kulira kwenikweni kosachita kupempha, mpaka akazi a kwawo adamgwira mapewa. Namatanthwe adamva mtima wake ukumasuka koyamba tsiku limenelo. Adagwada pamaso pake nati malume, ndipo ulendo uno palibe adamuuza kuti atembenuke.

Ng'azi adagamula kuti Namatanthwe ndi wa mtundu wa Njerewere, koma wa bere lina, bere la mng'ono amene adapita kumtunda. A kwa Chiterere ndi a kwa Finye adakhala adzukulu, ndipo posangalala kuti za Kakowa zalephereka adagwira ntchito ngati akulipidwa. Adasambitsa mtembo, adaukulunga, adamanga chithatha cha bango chonyamulira, uku akutapa ngumbi za Njerewere ndi manja awiri.

Mukadakhala inu mukadati nkhani yatha. Koma munthu amene wapeza mbale mochedwa amafuna kubweza zonse tsiku limodzi. Njerewere adaimirira nalengeza:

"Mlongo wanga akagona kumanda a makolo ake, kumunda, pafupi ndi chithaphwi chimene adakanganirana chija. Ndipo mbumba yangayi ndikupita nayo. Yavutika mokwanira pamiyala. Ndikaipatsa chithaphwi chakechake, chofunda, chopanda phokoso."

Namatanthwe adacheukira kumadzi othamanga aja. Tiana take m'madzi ofunda osayenda sitikadafika mawa, ndipo mayi ake adakana kuikidwa pa zii. Koma ungamtsutse bwanji malume amene wangokuvomera kumene, misozi isanaume, ngumbi zake zili m'kamwa mwa anthu?

"Mayi," adanong'oneza Namatanthwe m'khutu la Nkhanu, "ndapeza mtundu, koma ndataya kwathu."

"Pepa, mwana wanga, ine mutu wandigwira," adayankha Nkhanu mokweza kuti onse amve. "Kumanda sindifika. Ndikagone."

Ndipo adalowa kunsi kwa mwala wake. Namatanthwe adaona ngati dziko lonse lamtaya.

Adzukulu adasenza chithatha nayamba kutsika ndi mtsinje, akuyenda m'madzi a m'mbali ofika m'chiuno, masamba ofunditsa mtembo akulendewera mpaka m'madzimo. Palibe adaona kanthu kena kakuyenda cham'mbali pansi pa madzi, n'kudzalowa kunsi kwa chithathacho. Adayenda bwinobwino pamiyala yonse. Koma atafika pamene miyala imathera ndi matope amayambira, chithatha chidaima nji. Nkhanu adali atapana bango ndi dzanja limodzi, linalo atapana mwala wotsiriza.

"Kokani!" adatero Chiterere.

Adakoka, osasuntha. Adasinthana mapewa, adakokanso, osasuntha.

"Maliro akukana!" adakuwa wina, ndipo ena adafuna kuthawa.

Njerewere adagwada m'madzi momwemo.

"Mlongo wanga, ndikudziwa ndidakulakwira. Tiye kwanu, usatichititse manyazi."

Adzukulu adakoka ndi mphamvu zawo zonse. Pansi pa madzi padamveka kanthu kuti thyo, koma chithatha sichidapite patsogolo, popeza miyendo ya Nkhanu idali itakola kale mwalawo. Finye, amene chifukwa cha kufupika mutu wake unkangomira ndi kuvuuka, adamira, adaona zimene adaona, navuuka.

"Waona chiyani pansipo?" adafunsa Chiterere.

"Matope," adayankha Finye. "Malemuwa sakufuna matope. Tayesani kutembenuka."

Atatembenuka kuloza kumtunda, chithatha chidapepuka ngati mulibe kanthu. Namatanthwe adayambanso nyimbo ija, koma tsopano sinkafunsanso za msana ndi miyendo. Inkafunsa mayi ake kuti akufuna kukagona pati, ndipo khamu lonse linkavomera pothera, kupempha malemu kuti alankhule okha. Adzukulu adakwera mothamanga, kudutsa pamwala wa siwa, mpaka kukafika kukasupe kumene mtsinje umabadwira. Chiterere, pofuna kuthana nazo, adati angopitirira akaike kuseri kwa phiri. Chithatha chidaimanso nji, popeza Nkhanu adali atakola muzu ndi miyendo yake yonse.

"Kumeneko akukananso," adatero Finye asanafunsidwe.

Adayesa kutuluka m'madzi kukwera gombe la kumanja. Adangoyenda pang'ono, pamene chinyezi cha mtsinje chimalekezera, maliro adakana. Adayesa la kumanzere, chimodzimodzi. Adzukulu adali wefuwefu, ngumbi zonse zija zitatha m'mimba.

Ng'azi, amene ankatsatira pambuyo mosafulumira, adayang'ana kunsi kwa masamba olendewera aja ndi diso lake limodzi. Kenaka adalitseka, natsegula linalo.

"Ine ndakalamba, koma maliro olankhula momveka chonchi sindidawaonepo. Akana matope, akana kuseri kwa kasupe, akana pouma uku ndi uku. Njerewere, ukuti bwanji?"

Njerewere adapukusa mutu, koma mokhala ngati akumwetulira.

"Makani amenewa ndi a kwathu, Gogo. Agogo ake adachoka ndi makani, uyu akubwerera ndi makani. Ndikupempha manda pomwe iye afune."

"Wapempha mwini mbumba, ndapereka. Ndipo tamverani nonse. Monse mmene malirowa adayenda osakana, kuchokera kukasupe kukafika pamwala wotsiriza, ndi dziko la bere limeneli. Mwana uyu ndi ana ake akhale m'menemo, pakuti manda a mayi wake ali m'menemo."

Adabwerera nawo pamwala wa siwa, pamene madzi amasokosa kwambiri, ndipo chithatha chidatsika chokha mofatsa. Finye adakumba chafutambuyo mumchenga wa kunsi kwa mwalawo, manda okongola oti mfumu yomwe idayamikira. Adawaika mayi aja mutu utaloza kumene madzi amachokera. Namatanthwe adayenda kwa aliyense kugwada ndi kuthokoza: kwa mfumu, kwa malume ake, kwa Finye, ngakhale kwa Chiterere amene lilime lidali likadali lotupa. Adathokoza ndi mtima wonse, pakuti m'mawa adali wopanda mtundu ndi wopanda kwawo, ndipo tsopano adali nazo zonse ziwiri. Mmodzi yekha ndiye sadafune kumuona, mayi uja adadwala mutu pa nthawi yofunika.

Anthu atabalalika, Finye adatsalira akusasa dothi.

"Mlongo, mdzukulu saulula zimene waona pamaliro, ndiye ine sindinena kanthu. Koma ukapeza mpata, kayang'ane pamwala wotsiriza paja."

Namatanthwe adatsika yekha mpaka pamene matope amayambira. Adasuzumira m'madzi. Pamwala wotsiriza padali dzanja la nkhanu, lothyoka, likadali chipanire mwalawo.

Adathamanga kubwerera, nalowa kunsi kwa mwala wa Nkhanu osaodira n'komwe. Adampeza atagona, mbali imodzi atabisa kukhoma.

"Mutu uli bwanji, mayi?"

"Ukuchepa."

"Tandionetsani dzanja."

Nkhanu adaonetsa lamanzere.

"Linalo."

Nkhanu adatembenuka pang'onopang'ono. Namatanthwe adagwa pansi nalira kuposa mmene adalirira m'mawa.

"Ndidakuyesani wonditaya. Ndikuthokozani ndi chiyani, mayi? Ndilibe ngumbi, ndilibe kanthu."

"Leka phokoso, limera lina. Kumtunda kuja ndidachita kugwira ndi miyendo, ndipo Chiterere amakoka ngati ng'ombe, ameneyo ndidzakambirana naye." Adasendera pafupi naye. "Iwe udali usanabadwe. Tsiku lina ndidafundula chigoba, thupi lili lofewa ngati phala, ndipo Kakowa wina adasochera n'kufika kuno. Ndidalibe pothawira. Amako adandikhalira pamsana, nadzifinya mpaka mkaka wowawa uja udayenderera thupi lonse. Kakowa adajompha kamodzi, nalavula, nauluka. Chipsera chimene unkachiona paphewa pawo chija chidali changa. Sadauzepo munthu, ndipo ndikati ndithokoze ankati ndikuwasokosera. Lero sakadatha kundiletsa."

Dzanja lija lidameradi, koma laling'ono, ndipo mpaka lero mukagwira nkhanu mudzaona kuti manja ake salingana. Ana a Namatanthwe adamera miyendo pamiyala yomweyo. Malume aja a kumunda amabwera kudzawaona, amadandaula za kuzizira, nabwerera. Mukafuna achule a bere limeneli musavutike kuwafuna kudambo kapena kumunda, kapena kumtsinje wa kuseri kwa phiri. Ali pakati pa kasupe ndi mwala wotsiriza basi, ndipo akafika pamene matope amayambira amaima, amasuzumira m'madzi, n'kubwerera.

Mvula yotsatira itagwa kumtunda, a kumunsi adamva mawu osongoka a Namatanthwe akuwakuwira kuti madzi akubwera, ndipo adakokera ana awo pouma monga kale. Madzi atadutsa mawu aja sadaleke. Adasanduka nyimbo ija ya pamaliro, mayimbidwe omwewo a agogo, koma mafunso onse atachokamo. Inkatchula amene adakumba, amene adanyamula ndi amene adavomera, ndipo pothera, paja pankapemphedwa wodziwa kuti atuluke, inkangothokoza dzanja limene lidatsala pamwala. Kunsi kwa mwala woyandikana nawo kudamveka mawu osasa akuvomera, akuphonya paliponse.

Nthano yanga yagona pamenepo. Amene mudakwirira mbatata paphulusa kafukuleni, ingapserere mukumvera za eni.